Masaka Atatu a Miyala ndi Njinga ya Bambo Gervazio

Lolemba lapitali ndinaona munthu wamkulu, wa imvi zake, akuuluka chafutambuyo kuchoka pa njinga. Sindikukometsera nkhani ayi. Anachoka pa chishalo miyendo ili m'mwamba, n'kukagwa chagada kumbuyo kumene anachokera, ngati wina wawakoka ndi chingwe. Lero, pamene ndikulemba izi, ndi Lachisanu.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndimaphunzitsa Fizika kuno ku Fingoe, ndipo ku sukulu ndimapita wapansi. Njira yanga imadutsa pamtsetse uja wotsikira kumsika, pamene mvula idakumba ngalande n'kudya theka la msewu. Otsika ndi okwera onse amagawana kamzere kamodzi kotsalako. Pakati pa mtsetsewo msewu umakhota, ndipo mtengo wa mango umabisa amene akubwera.

Ndili pamwamba pa mtsetse, mota, njinga yamoto ija, inandipitirira. Woyendetsa anali Armindo, amene ndidamuphunzitsa asanasiye sukulu. Masiku ano amanyamula miyala ya okumba golide, kuchokera ku maenje kupita nayo ku chigayo chophwanya miyala. Ndi munthu wapabanja tsopano, mkazi wake ndi woyembekezera. Kumbuyo kwake kunali masaka atatu, awiri pansi limodzi pamwamba, omangidwa ndi mphira za chubu.

"Bondiya a profesora, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya iwe Armindo?"

"Tadzuka, zikomo."

Moni ameneyu ndiye umboni wanga waukulu pa nkhani yonseyi. Munthu wothamanga ngati mphepo simungapatsane naye moni mpaka kumva zikomo wake.

Anatsika n'kufika pokhota paja. Pomwepo panatulukira Bambo Gervazio, akupalasa kukwera chitunda, kathumba ka chimanga chokagayitsa kali kumbuyo. Bambo Gervazio ndi amene amaimba belu ku tchalitchi kwathu. Adakhala ku Zambia nthawi ya nkhondo, ndipo njinga yawoyo amati adabwera nayo kuchokera komweko. Aliyense kuno amaidziwa chifukwa cha kulira kwa tcheni chake.

Ndinamva matravau, mabuleki a mota, akulira. Gudumu lakumbuyo linakhukhuluzika m'fumbi, koma mota sinaime, katundu uja amaikankha. Gudumu lakutsogolo linalowa m'njinga, ziwirizo zinakolana n'kukokana kutsika limodzi. Apo ndi pamene Bambo Gervazio anauluka. Kenako mota inakagunda mwala wa m'mphepete mwa ngalande n'kuima nji. Mphira inaduka. Saka lapamwamba lija linapitiriza ulendo lokha, kudutsa pambali pa phewa la Armindo, n'kukatera pa mwendo wa bambo aja pamene anagona.

Phokoso lake sindilifotokoza. Amene analimva akulidziwa.

Armindo sanagwe nkomwe. Anangokhala pa mota yake, phazi limodzi lili pansi, pakamwa yasaa, akuyang'ana.

Anthu anathamanga kuchokera kumsika. Mukudziwa mmene timachitira: tisanaone chilonda, mlandu tagamula kale. Mayi wina wogulitsa tomato anati mnyamatayo amathamanga ngati wamisala, ngakhale iwo anali kuseri kwa mtengo wa mango ndipo sanaone kanthu. Bambo wina anati, "Taonani pamene agwera madalawa. Munthu angafike apa mota ikuyenda bwino?" Wina kumbuyo ananena motsitsa mawu kuti miyala ya golide imafuna magazi, ndipo ambiri anagwedeza mitu. Ndinaona mnyamata wina wathanzi akutola chibenthu cha njerwa. Nkhuku zinali zitayamba kale kutola chimanga chomwazika mumsewu.

Amene anatidzutsa tonse ndi Bambo Gervazio eni ake. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa, koma mawu anatuluka bwinobwino.

"Musiyeni mwanayo. Chotsani kaye sakali pa mwendo wanga."

Tinachita manyazi. Amuna awiri ananyamula sakalo movutikira. Mwendo unali utapindika pansi pa bondo, pamalo pamene mwendo supindika. Wina anazula chitseko cha khitchini ya nyumba yapafupi, tinawagoneka pamenepo, amuna anayi n'kuwanyamula kupita nawo ku chipatala. Armindo anagwira nawo ngodya imodzi, misozi ili chuchuchu, ndipo palibe anamuletsa. Madzulo ake tinamva kuti fupa laphwanyika kwambiri, awatumiza ku Tete pamodzi ndi mwana wawo wamkulu, Paulo. Armindo anapita yekha ku polisiya.

Lachiwiri anandiitana kumeneko kuti ndikanene zimene ndinaona. Wapolisiya wondifunsa anali munthu wodekha. Funso lake lalikulu linali limodzi: kodi amathamanga?

Ndinati ayi. Ndinawauza za moni uja. Ndinati m'kuona kwanga amayenda ngati mmene njinga yopalasa imatsikira mtsetse womwewo, makilomita ngati 30 pa ola. Kansingano kosonyeza liwiro pa mota ya Armindo kadafa kalekale, monga zilili ndi mota zambiri kuno, choncho palibe angatchule nambala yeniyeni.

Wapolisiya uja anandiyang'ana. "A profesora, anthu onse akuti madala aja anaponyedwa kutali. Inu mukuti amayenda pang'onopang'ono. Ziwirizi zikugwirizana bwanji?"

Ndisanayankhe, Armindo, amene anakhala pa benchi pakona atazolika mutu, anayankhula.

"Inenso ndi zimene sindikumvetsa, a profesora. Ine ndinangomva ngati ndaponda dzenje. Sindinagwe, sindinakalike paliponse. Nanga iwo anauluka bwanji? Usiku wonse ndakhala ndikuganiza kuti mwina anthu aja akunena zoona, mwina miyala ija ili ndi zake."

Owerenga anga, funso limeneli ndakhala ndikuliyankha pa bolodi chaka ndi chaka, ndi tingolo tiwiri tojambula, kena kolembedwa A kena B. Tingolo ta m'buku sitituluka magazi. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzaliyankha ku polisiya, A ali mwana amene ndidamuphunzitsa, B ali bambo amene amatiitanira ku Misa.

Ndinapempha kuti masaka aja ayezedwe. Wapolisiya anavomera, anawatengera pa balansa ya wogula chimanga kumsika. Saka lililonse linakwana makilo ngati 70. Titabwerera, ndinapempha pepala, tonse atatu tinazungulira tebulo.

Ndikufuna nanunso muone zimene tinaona, chifukwa masamu ake ngosavuta kuposa kugawa nyama ya mbuzi pamaliro.

Chinthu chilichonse choyenda chimanyamula chimene buku limachitcha quantidade de movimento. Ine ana ndimangowauza kuti ndi mphamvu ya ulendo. Kuipeza kwake, umatenga kulemera kwa chinthucho n'kuchulukitsa ndi liwiro lake. Lamulo lake ndi ili: zinthu ziwiri zikagundana, mphamvu imeneyi siitayika ndipo siiwonjezeka. Imene inalipo zisanagundane ndi yomweyo imene imakhalapo zitangogundana. Chimene chimasintha ndi kagawidwe kake basi.

Tiyambe ndi Armindo. Mota yake ndi makilo ngati 120, iye mwini 70, masaka atatu 210. Zonse pamodzi makilo 400. Tichulukitse ndi liwiro lija la 30, tipeza 12 000, yolunjika kunsi kwa mtsetse.

Tsopano Bambo Gervazio. Ndi munthu wochepa thupi, makilo ngati 60. Njinga 20, chimanga 20. Pamodzi makilo 100. Pokwera chitunda sakanapitirira makilomita 10 pa ola. Tipeza 1 000, yolunjika kumtunda.

Popeza amabwera moyang'anizana, yaing'ono timaichotsa pa yaikulu. Patsala 11 000, yolunjika kunsi. Pamene anakolana paja anasanduka chinthu chimodzi cha makilo 500. Tigawe 11 000 ndi 500.

Yankho ndi 22.

Kutanthauza kuti atangogundana, onse awiri amatsika mtsetse pa makilomita 22 pa ola. Nambala imodzi, koma taonani zimene ikunena kwa aliyense.

Armindo amayenda pa 30, anatsikira pa 22. Liwiro lake linasintha ndi 8 yokha, komanso akuyang'ana komwe amapita kale. Kugwedezeka koteroko kuli ngati kudumpha kuchoka pakhonde kutera pabwalo. Ananena zoona kuti anangomva ngati waponda dzenje.

Bambo Gervazio amapita kutsogolo pa 10. M'kuphethira kwa diso anayamba kubwerera m'mbuyo pa 22. Kusintha kwawo ndi 10 kuphatikiza 22, ndiye kuti 32. Thupi la munthu kuti lilandire kusintha kwa liwiro kotere nthawi imodzi, zili ngati wagwa kuchokera pa mamita anayi, pamwamba pa denga la kalasi. Munthu wa zaka zawo, wopanda kapasete yoteteza mutu, wopanda chilichonse chomuteteza koma malaya a Lolemba.

Kugunda kumodzi komweko. Wina wadumpha pakhonde, wina wagwa padenga.

Ndinaponya cholembera patebulo. Ndikuuzeni zoona, ndinkayembekezera kuti nambala zindikana. Penapake mumtima ndinkafuna zisonyeze kuti ndinaona molakwa, kuti Armindo amathamangadi. Zikadakhala choncho bwenzi nkhaniyi ili yopepuka: mnyamata mmodzi wosasamala, tsiku limodzi loipa. Koma nambala zinati ayi. Liwiro la tsiku ndi tsiku, katundu wa tsiku ndi tsiku, msewu wa tsiku ndi tsiku, zakwanira kuponya munthu chonchija. Palibe chachilendo chimene chinachitika Lolemba. Chachilendo n'chakuti sichichitika Lolemba lililonse.

Armindo anayang'anitsitsa pepalalo, milomo ikuyenda, akubwereza kuwerengera. Masamu amawatha kuyambira kale mwana ameneyu.

"Nanga ndikadakhala wopanda masaka?"

Tinawerengeranso. Iye ndi mota, makilo 190. Kuchulukitsa ndi 30, 5 700. Kuchotsa 1 000, patsala 4 700. Kugawa ndi makilo 290, yankho ndi 16. Bambo Gervazio akadasintha ndi 26, ngati kugwa kuchokera pa mamita osakwana atatu. Akadapwetekabe, tisanamizane. Koma saka lotera pa mwendo wawo sipakadakhala, ndipo mwina kugundana komweko sikukadachitika, chifukwa matravau amene analephera kugwira makilo 400 akadatha kugwira 190.

"Nanga sakalo linauluka bwanji lokha?" anafunsa wapolisiya.

Ndinati lamulo ndi lomwelo. Mota inaimitsidwa ndi mwala. Saka linalibe chouimitsa ulendo wake koma mphira ya chubu. Makilo 70 oyenda saima chifukwa chakuti chimene chinawanyamula chaima. Amapitirira mpaka apeze chowaimitsa, ndipo tsiku limenelo anapeza mwendo wa munthu.

Armindo anaphimba nkhope ndi manja. Atatsitsa manjawo anati, "A profesora, mwini miyala amawerenga masaka. Ukanyamula awiri, mawa amaitana wina wonyamula atatu. Alipo anzanga amanyamula anayi."

 

Lachitatu nditaweruka ndinapita kukaona Mayi Lusiya, akazi a Bambo Gervazio. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza wa mbewu, azimayi anzawo awiri ali pambali. Munda wa banja limeneli uli kutali ndi mudzi, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo. Amene amagwira khasu lalikulu pakhomopo ndi amene ali ku Tete.

Titapatsana moni ndi kupepesana, anandifunsa maso ali pa lichero.

"Ndamva kuti mwakanena ku polisiya kuti mnyamata uja samathamanga."

"Ndi zimene ndinaona, mayi."

"Ndiye mukuti palibe wolakwa? Amuna anga adzithyola okha mwendo?"

Mawu amenewa anandilasa. Ndinati sindinatero. Ndinati cholakwa chinalipo, koma sichinali kumene anthu akuchiloza. Ndinawafotokozera monga ndakufotokozerani inu, popanda pepala, ndi mtondo ndi kamsi kamene kanali pafupi: mtondo ukagubuduzika pang'onopang'ono n'kugunda kamsi, chimene chimathawa ndi kamsi, mtondo sumva kanthu. Ndinati mota ija ndi masaka ake imalemera kanayi kuposa amuna awo pamodzi ndi njinga yawo.

Anasiya kuswa mtedza.  Kenako anati:

"Nthawi yokolola, Armindo yemweyo ndi amene adandinyamulira mtedza kuchokera kumunda. Adamanga masaka atatu, akuti akwana. Ine ndidati, mwanawe, onjezera lachinayi, tisabwererenso kawiri. Ndidakhala pamwamba pake ineyo, mdzukulu wanga ali pamiyendo. Tidatsika pamtsetse pomwepo."

Mmodzi wa azimayi aja anagwira pakamwa. Winayo anati, "Tonse timatero, amake Paulo."

Eya, tonse timatero.

Ndani mwa ife sadanenepo mawu amenewa kwa woyendetsa mota? "Mano, m'bale wanga, kakwana aka, ingomangirirani pamwamba." Masaka a makala, mbuzi yomangidwa miyendo, malata aatali kuposa motayo, mayi ndi ana awiri, zigubu za mafuta zolendewera uku ndi uku. Tikamaliza kumanga timawonjezera kamawu kamodzi kotsuka mtima wathu: "Koma muziyenda pang'onopang'ono." Woyendetsa amavomera, ndipo amayendadi pang'onopang'ono. Timakwera mtima uli m'malo, poganiza kuti ngozi yonse imakhala m'liwiro.

Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Amanena za kusonkhanitsa nkhuni, koma pamsewu mwambiwu uli ndi mano ena. Pang'onopang'ono amene wasenza mtolo si pang'onopang'ono amene tikumuganizira. Liwiro ndi theka chabe la nkhani. Theka lina ndi makilo, ndipo makilowo amaikapo ndife, ndi manja athu, woyendetsa akuyang'ana.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo othamanga. Ndinawerengeranso ndekha kunyumba: Armindo akadakhala pa 60, monga amachitira anyamata ena pamsewu wopita ku Malowera, onse akadatsika pa 46, Bambo Gervazio akadasintha ndi 56, ngati kugwa kuchokera pa mamita khumi ndi awiri. Sabata ino bwenzi tikuimba nyimbo za maliro. Liwiro limapha, ndipo limapha msanga. Chimene chandizizimutsa ine n'chakuti ngakhale wosathamanga angakuthyole, iye osadziwa kuti wakugunda molimba.

Pomwepa ndi pamene pali china chimene sichikundigonetsa tulo. Nthawi zambiri tamva woyendetsa kamyau, lole yaikulu ija, amene wagunda munthu akunena kuti sanamve kanthu, ndipo timati ndi bodza la munthu wouma mtima. Taikani kamyau ya matani khumi m'malo mwa mota ya Armindo, pa liwiro lomwe lija la 30, njinga yomweyo. Masamu akuti kamyauyo itsika kuchoka pa 30 kufika pa 29 ndi theka n'kupitirira pang'ono. Kusintha kosakwana theka la kilomita pa ola. Kapu ya madzi ili pambali pa woyendetsa singatayike. Wa panjinga wasintha ndi pafupifupi 40. Woyendetsayo akamati sanamve, mwina sakunama. Wamkulu samva akagunda wamng'ono, ndipo chifukwa samva, thupi lake silimuphunzitsa mantha. Mantha onse amatsalira kwa wa panjinga, kwa mayi wosenza nkhuni, kwa ana athu amene amatuluka pachipata cha sukulu ali chigulu n'kudzaza msewu.

Ndiye amene ali pa cholemera ayenera kuchita mantha ndi mutu, popeza thupi silimuuza. Kodi amawaphunzitsa ndani zimenezi anyamata athu? Ambiri amaphunzira mota pabwalo la mpira, masana amodzi, mnzawo atakhala kumbuyo. Amaphunzira kuidzutsa, kusintha magiya, kukhota. Palibe amawauza kuti saka lililonse lowonjezera limatalikitsa mtunda woimira. Phunziro limeneli lili m'buku la kalasi imene Armindo sadafike. Amene amafika kalasiyo ambiri sayendetsa mota, ndipo amene amayendetsa mota ambiri sadafike. Lamulo limodzi, odziwa ali kwina, olifuna ali kwina.

Nanga za miyala yofuna magazi zija? Ndazimva kumsika sabata yonse, mpaka ena akutchula dzina la mwini dzenje, kuti adapita kwa sing'anga. Sindikufuna kukangana ndi munthu pa zimene amakhulupirira. Ndingonena kuti masaka atatu a chimanga cha tchalitchi, olemera chimodzimodzi, akadachita zomwezo. Balansa siifunsa kuti m'sakamo muli chiyani. Vuto la mawu akuti miyala imafuna magazi n'lakuti amatipumitsa. Ngati ndi mizimu, palibe chimene tingachite, mawa timanganso masaka atatu. Timati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha. Linkanunkha mphira yopsa ya matravau pamtsetse paja tsiku lililonse, tonse tikudutsa.

Lachinayi ndinalowa m'kalasi kukaphunzitsa mutu womwewu, chifukwa ndi pamene tafika. Ndinajambula tingolo tiwiri tija, kenako ndinatifufuta. Ndinalemba 400 mbali iyi, 100 mbali inayo. Sindinatchule dzina la munthu, koma panalibe amene sanadziwe.  Atapeza 22 uja, ndinawafunsa kuti ndi angati amene kwawo kuli woyendetsa mota. Manja ambiri anakwera. Ndinati ntchito ya kunyumba ndi iyi: mukamufunse kuti katundu wake wolemera kwambiri amakhala makilo angati, muwerengere naye limodzi, iye akuona. Sindikudziwa ngati zithandiza. Ndi chokhacho chimene mphunzitsi ali nacho m'manja.

Armindo anamulola kubwerera kwawo podikira kuti nkhani ipite patsogolo. Mota yatsala ku polisiya. Dzulo m'mawa anthu anamuona akulowera njira ya kumunda kwa Bambo Gervazio, khasu lili paphewa. Sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Mayi Lusiya atamva, masana anatuma munthu kukamupatsa madzi akumwa. Ena akuti akuchita zimenezi pofuna kufewetsa mlandu. Mwina. Ine ndinaona nkhope yake patebulo lija, ndipo sindikuganiza choncho.

Paulo, mwana wa Bambo Gervazio, anaimba foni kuchokera ku Tete. Akuti bambo ake akudya, akuyankhula, ndipo afunsa ngati wina wakumbukira kuimba belu. Za mwendo madokotala sananenebe ngati aupulumutsa.

Lero m'mawa ndadutsanso pamtsetse paja. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti mota ipite. Inali ndi masaka anayi, ndi mnyamata wina atakhala pamwamba, akudya nzimbe. Imayenda pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, ndipo woyendetsa anandipatsa moni. Kunsi kwa pokhota ndinamva mawu a ana akubwera.

Ndiye ndikufunseni inu amene mawa mudzaima pambali pa mota, chingwe chili m'manja, mukufuna kuwonjezera saka limodzi kuti musabwererenso kawiri. Inu ndi katundu wanu mukudziwa kuti mukulemera bwanji. Nanga amene akukwera chitunda kuseri kwa mtengo uja, amene simunamuone, akulemera makilo angati?